Nyumba Zopatulika ndi Mapazi a Alendo

Kuno kwathu ku Luwani, m'chigwa chotentha cha Lisungwi kumene malambe ndiwo akuluakulu a zonse zoimirira, kulibe nyumba yopemphereramo imene ingatchedwe yamakedzana. Pakuti ngakhale mishoni ya Akatolika ya Neno, imene ansembe a Montfort anaitsegula kumapiri uko m'chaka cha 1906, ndi yadzulodzulo tikailinganiza ndi matchalitchi a ku Ulaya ndi ku Ethiopia, amene aona mibadwo yoposa makumi atatu ikulowa ndi kutuluka pa makomo awo. Koma funso limene nyumba zakalezo zimadzutsa silisankha dziko, ndipo liyenera kutisautsa ifenso: ngati Mulungu ali ponseponse, namva pemphero la munthu wothirira m'dimba monga amvera la wansembe pa guwa, n'chifukwa ninji anthu anzeru zawo, kuyambira kale kufikira lero lino, amasiya minda ndi ana, natenga ndodo ndi kamba, nayenda masabata ndi miyezi kukagwada pamalo amodzi akutiakuti, ngati kuti Mwini thambo ndi dziko ali ndi mudzi wake?

Tiyambe taona chimene mlendo amapeza akafika pa imodzi ya nyumbazi. Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Spain kuli mzinda wa Santiago de Compostela, kumene m'zaka za m'ma 800, m'masiku a mfumu Alfonso II, kunabuka mbiri yakuti apeza manda a Yakobo mwana wa Zebedayo, mtumwi uja anaphedwa ndi lupanga pa lamulo la Herode. Tchalitchi chimene chaima pamalopo lero anayamba kuchimanga mu 1075, nachipatula mu 1211, kotero kuti amene anakumba maziko ake, pamodzi ndi ana awo ndi adzukulu awo, anatsikira kuli chete asanaone ntchito itatha. Pakhomo lake lalikulu, pamene palembedwa chaka cha 1188 pamodzi ndi dzina la mmisiri wake Mateo, pali mzati wamwala wosemedwa mwaluso. Ndipo pamzatipo, pofikira dzanja la munthu woimirira, pali timaenje tisanu tosalala, toyenerana ndi zala zisanu, timene tinakumbika ndi manja a amwendamnjira osawerengeka, pakuti yense pofika ankasanjika dzanja pomwe mnzake anasanjika, nayamika kuti wafika wamoyo. Masiku ano osunga nyumbayo analetsa kugwirapo, kuopa kuti mwala ungathe. Koma timaenjeto tikadalipo.

Chimodzimodzinso ku Canterbury m'dziko la England, kumene ankhondo anayi a mfumu Henry II anaphera bishopu wamkulu Thomas Becket m'kati mwa tchalitchi chake pa 29 Disembala 1170, makwerero amwala opita kumene kunali manda ake anadyeka pakati chifukwa cha mapazi ndi maondo a anthu amene anakwerapo kwa zaka zoposa 300. Munthu woona zimenezi, angakhale wouma mtima chotani, amazindikira kuti nyumba zotere zinapangidwa ndi amisiri a magulu awiri: oyamba anasema ndi chitsulo, nalandira malipiro awo, napita; achiwiri anasema ndi zikhato ndi maondo, osadziwa n'komwe kuti akusema, ndipo ntchito yawoyo ndiyo imagwira mtima wa mlendo koposa zifanizo zonse za pakhoma.

Komatu tisafulumire kugoma, popeza otsutsa maulendo otere sali anthu osowa chonena, ndipo mlandu wawo amautenga m'Malembo momwemo. Solomo, pa tsiku lopereka kachisi amene anam'manga ndi mikungudza ndi golide, anavomera pamaso pa khamu lonse kuti nyumbayo inam'chepera Iye amene ngakhale thambo silim'kwana. Ndipo Ambuye mwini, pocheza ndi mayi wa ku Samariya pachitsime, anathetsa mkangano wa phiri ili ndi phiri lija, naika kupembedza koona mumtima mwa wopembedzayo. Gregory wa ku Nyssa, bishopu wa zaka za m'ma 300 amene anafikako yekha ku Yerusalemu, atabwerako anachenjeza anzake kuti kusintha malo sikusendeza munthu kufupi ndi Mulungu, ndi kuti chisomo chikadachuluka kumeneko koposa kwina, bwenzi okhala mumzindawo ali olungama koposa anthu onse, chinthu chimene maso ake sanachione. Pambuyo pake panadzanso zonyansa zimene Martin Luther ndi anzake anazidzudzula: malonda pa makomo a nyumba zopatulika, mafupa okayikitsa opatsidwa maina a oyera, ndi chikhululukiro chogulidwa ndi ndalama. Ngakhale za manda a Yakobo, akatswiri ambiri a mbiri yakale amakayika ngati mtumwiyo anagonadi m'dziko la Spain. Ndipo mu 1538 mfumu Henry VIII inalamula kuti manda a Becket aphwasulidwe, nitenga golide ndi miyala yake yamtengo wapatali.

Zonsezi ndizivomera, ndipo sindichotsapo kanthu. Koma pali chinthu chimodzi chimene otsutsawo sanachilongosole: pamalo pamene panali manda a Becket lero pali mbee, pangoyaka kandulo pansi, koma anthu akadapitabe, naima pamenepo ndi ulemu. Akadakhala kuti ankatsata golide kapena mafupa, ulendo ukadatha tsiku limene zimenezo zinachotsedwa. Popeza sunathe, tiyenera kufunafuna muzu wake kwina. M'chilimwe, timitsinje tathu tikauma, madzi amakhala akuyenda pansi pa mchenga m'khwawa monse, kuyambira kumtunda kufikira kumunsi. Koma mayi wofuna kutunga salowetsa chikho paliponse, amalondola kanjira kopita pamene anzake anafukula kale, pamene manja ambiri anachotsa mchenga kufikira madzi anaonekera. Dzenjelo silinalenge madzi, ndipo wonena kuti madzi ali pamenepo pokha wanama; komanso wonyoza kanjirako, chifukwa chakuti madzi ali monsemo, adzabwerera ndi mtsuko wouma. Malo opatulika ndi pamene anthu ambiri, kwa nthawi yaitali, akhala akuchotsa zimene zimaphimba Mulungu m'mitima mwawo, kotero kuti wodza pambuyo amapeza ntchito itayambidwa kale.

Ndipo mchenga wochuluka umachoka m'njira, munthu asanafike n'komwe pakhomo. Mwendamnjira wa masiku amakedzana, asananyamuke, ankabweza ngongole zake, nayanjana ndi amene anakangana nawo, nagawa chuma chake monga munthu woyembekeza imfa, popeza ambiri sankabwerera. Ndipo wansembe ankadalitsa ndodo ndi thumba lake pamaso pa mpingo. Kuchokera ku mapiri a Pyrenees, m'malire a France ndi Spain, kukafika ku Compostela ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 800, ulendo woposa mwezi wathunthu wa pansi. Ndipo ngakhale lero chikalata cha umboni wa ulendowo amapatsa woyenda pansi pokhapokha atatsiriza makilomita osachepera 100 ndi mapazi ake. Kwawo munthuyo anali mwini munda, mwini dzina, wopatsidwa mpando pabwalo. Koma atangodutsa malire a kumene amadziwika, ankasanduka mlendo wopempha madzi ndi pogona, wosamva chilankhulo, wofunsa njira ngakhale kwa mwana, naphunzira ndi thupi lake lomwe kuti kwa eni kulibe mkuwe. Chiphunzitso chakuti moyo wonse ndi mphatso, ndi kuti palibe munthu wodzidalira yekha, anachimva kawirikawiri pa ulaliki chikulowera khutu ili ndi kutulukira linalo. Koma njala, matuza a kumapazi ndi chifundo cha anthu osawadziwa zinachikhomera mumtima mwake.

Makolo athu sanali alendo pa nzeru imeneyi. Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti Chauta ndiye mwini mvula ya dziko lonse, ndi kuti sakhala m'kachisi waudzu. Koma chilala chikakula, mafumu ankatuma akuluakulu ndi zopereka ku Msinja, kwa Makewana, kapena ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ku kachisi wa M'bona, ulendo wa masiku ambiri, chifukwa ankazindikira kuti pempho loyendera pansi limatuluka mumtima wofewa kale. Ndiponso tikafufuza m'Malembo, tipeza chinthu choyenera kuchisinkhasinkha: malo ambiri opatulika anaonekera kwa anthu othawa. Yakobo anali kuthawa mkwiyo wa Esau mkulu wake pamene anatsamira mwala kuthengo, nalota, natcha malowo Beteli. Mose anali wothawa mlandu ku Igupto, woweta nkhosa za mpongozi wake, pamene anauzidwa kuvula nsapato. Ndipo mumzinda wakale wa Cairo muli tchalitchi cha Abu Serga, chimene Akhristu a kumeneko amachilemekeza chifukwa cha mwambo wakuti pansi pake ndi pamene Yosefe ndi Mariya anabisala ndi Mwana pothawa Herode. Nyumba imeneyo, imene alendo a m'maiko ambiri amakaiona, ulemu wake wonse wachokera pa pogona pa banja lothawa kwawo.

Apa ndi pamene tifika pa gawo la nkhaniyi limene okaona nyumba zakalezi amaliiwala kawirikawiri, popeza maso awo amathamangira kudenga ndi ku mazenera a magalasi amawangamawanga. Palibe mwendamnjira akadafika ku Compostela pakadapanda anthu okhala m'mbali mwa njira amene sanapiteko, koma anathera moyo wawo kutumikira opitawo. Domingo de la Calzada, amene anamwalira mu 1109, amawerengedwa pakati pa oyera chifukwa cholambula msewu m'nkhalango, kumanga mlatho pa mtsinje wa Oja ndi kumanga nyumba yogonamo alendo. Ku Aubrac, pa chitunda chozizira cha m'dziko la France, osunga nyumba ya alendo anali ndi belu limene ankaliimba kukachita nkhungu kapena chipale, kuti wosokera alondole kulira kwake napulumuke. Amonke otsata lamulo la Benedict anaphunzitsidwa kulandira mlendo aliyense monga Khristu mwini, ndi kum'sambitsa mapazi. Ndipo ku Durham, kumene anthu ankapita ku manda a Cuthbert woyera m'tchalitchi chimene chinayambidwa mu 1093, pachitseko panali mphete yachitsulo chamkuwa yogogodera. Munthu wothamangitsidwa akaigwira nagogoda, usana kapena usiku, alonda ankam'tsegulira, nam'patsa chakudya ndi pogona kwa masiku 37, ndipo om'londolawo analibe mphamvu yom'gwira m'katimo, monga mwa chitsanzo cha midzi yopulumukirako ya m'chilamulo cha Mose. Motero ulendo wopatulika uli ndi eni ake awiri, woyenda ndi wotsegula chitseko. Pakasowa mmodzi, chotsala ndi miyala yokongola chabe.

Gawo lachiwirili ife a ku Luwani sitichita kulimva kwa ena. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko lathu losaukali linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo Luwani anali amodzi mwa malo owasungirako. Msasawo unatsekedwa mu 2007. Koma mu 2016, pamene mfuti zinaliranso m'chigawo cha Tete, anthu zikwizikwi nakhamukira m'mudzi wa Kapise m'boma la Mwanza, boma lathu pamodzi ndi bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR anautsegulanso, ndipo alendo anadzanso. Amene anaona kafikidwe ka anthu otere sangaiwale: mayi ali ndi khanda kumbuyo, kamtolo ka zovala ndi mphika pamutu, wina wamng'ono akum'gwira chitenje, mapazi atatuwa ndi kung'ambika zikang'a. Mwambo wathu umati mlendo akaodira, um'yalire mphasa, um'tungire madzi akumwa, ndipo akapuma um'lonjere, um'funse mmene wayendera ndi mmene wasiyira kumudzi, koma pa mlendo wotere funso lomalizalo limalemera pakamwa, chifukwa kumudziko wasiyako moto, ndipo wolonjera wanzeru amangoti, “Pepani, mwafika, yambani mwamwa madzi.” Ambiri mwa iwo anali olankhula chilankhulo chathu chomwechi, a mafuko omwewa, amene malire ojambulidwa ndi atsamunda anawaika tsidya lina.

Sindifuna kukometsera tsoka, kapena kutcha wothawa nkhondo mwendamnjira wopatulika, pakuti kusiyana kwawo n'kwakukulu: mmodzi anasankha tsiku lonyamuka, natsazika abale, nadziwa kumene akupita, winayo anadzambatuka usiku, osatseka chitseko, osadziwa kumene dzuwa lidzam'tulukire. Ndiponso sindinena kuti kulandira kunali kopepuka, kapena kuti onse analandira ndi mtima umodzi, popeza nkhuni, madzi ndi malo olima sizichuluka chifukwa chakuti anthu achuluka, ndipo madandaulo a eni dera anali ndi pogwira. Chimene ndinena ndi ichi, kuti chimene mwendamnjira amachifunafuna mwadala, ndicho kukhala wopanda kanthu pamaso pa Mulungu ndi anthu, wothawa nkhondo amachipeza mokakamizidwa. Ndipo chimene amonke a ku Aubrac ndi alonda a ku Durham ankachita chifukwa cha lumbiro lawo, amayi ndi abambo a m'midzi ya m'malire muno anachichita popanda belu ndi popanda lumbiro, pokumbukira kuti mlendo ndi mame, ndi kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ngati Ambuye ananena zoona pamene anadziika yekha m'malo mwa wanjala, waludzu ndi mlendo, ndiye kuti Iye amene ena amaoloka nyanja kukam'funa anafika kuno yekha, woyenda pansi, napempha madzi.

Abale athu a ku Ethiopia anadziwa kale kuti kupatulika sikunamangiriridwe dziko limodzi. Mwambo wawo umati Yerusalemu atagwa m'manja mwa Saladin mu 1187, mfumu Lalibela inafuna kupatsa anthu ake Yerusalemu wa kwawo. Ndipo kufikira lero m'mudzi wotchedwa ndi dzina lake muli matchalitchi 11 osemedwa m'thanthwe, ena mwa iwo kuyambira pamwamba kutsikira pansi, denga, mizati, mazenera ndi makwerero zonse za mwala umodzi, ndi kamtsinje kotchedwa Yordano. Ndipo pa chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, m'mwezi wa Januwale, makamu ovala zoyera amafika kumeneko, ambiri a iwo atayenda pansi masiku ambiri, navula nsapato pakhomo. Nafenso tili ndi zoyamba zathu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott, munthu wosaphunzira za mamangidwe, anachimanga pamodzi ndi anthu a dziko lino kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, chadutsa kale zaka 130. Ndipo chikadzakwanitsa zaka 800, odzachiona sadzafunsa za maonekedwe a njerwa okha, adzafunanso kudziwa kuti ndani anatonthozedwamo, ndi kuti pa masiku a njala ndi nkhondo chitseko chake chinali chotsegula kapena chotseka.

Chifukwa chake, amene Mulungu wam'patsa mpata wokaona Compostela, Canterbury kapena Lalibela, apite ndithu, ndipo wina asam'nyoze. Koma apite ngati wopempha, ayendeko pansi pamene angathe, adye chimene apatsidwa, ndipo akumbukire mawu a akulu akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Akafika, asathere nthawi yonse akuyang'ana kumwamba. Afunse kumene kunali nyumba ya alendo, kumene odwala ankagona, ndi amene ankasunga chitseko usiku, pakuti pamenepo ndi pamene adzamvetse chimene chinaimika makomawo. Ndipo ife ochuluka, amene maulendo athu amathera pa Zalewa kapena ku Blantyre, tisadziyese omanidwa, popeza theka la ntchito yopatulikayi linagwera ife, ndipo ndilo theka limene Woweruza anati adzalifunsa. Mipingo yathu yambiri ikuumba njerwa ndi kusonkha ndalama za malata kuti imange nyumba zazikulu zopemphereramo, ndipo ntchitoyo ndi yabwino. Koma akulu a mpingo akakhala pansi kuwerengera njerwazo, apatuleko zina za kachipinda kogona mlendo, ndipo pokolola apatuleko thumba la chimanga la munthu amene dzina lake sakulidziwa, chifukwa malire ali pafupi, dziko silinaleke kubala othawa, ndipo tsiku limene adzaodirenso sitidzauzidwiratu.